Kodi tiyembekezere chiyani pa kuunika autism ndi ADHD kolemekeza mmene munthu anapangidwira?

Mayi a Chisomo alemba:

Ndikupereka moni kwa nonse amene mumawerenga pano, ndipo ndikupempha nzeru kwa aliyense amene anadutsamo kale m'zimene ndikufuna kufunsazi, kaya monga kholo, kaya monga munthu amene anaunikidwapo, kaya monga wogwira ntchito younikayo. Ndili ndi ana awiri. Woyamba, Chisomo, ndi mtsikana wa zaka 15 amene amakhoza bwino m'kalasi ndipo aphunzitsi ake amamuyamikira kuti ndi wofatsa, koma akangolowa m'nyumba madzulo amakhala ngati mphamvu zake zonse zathera panjira. Salankhula kwa maola awiri kapena atatu, amalira pa zinthu zimene ife timaziona zazing'ono, ndipo phokoso la wailesi kapena msoko wa chovala umene ukumukhula pakhungu zimamusowetsa mtendere. Wachiwiri ndi mnyamata wa zaka 7 amene sakhazikika pampando, amayankha funso lisanathe kufunsidwa, ndipo amataya cholembera pafupifupi tsiku lililonse, ngakhale kuti akagwira chinthu chimene chamusangalatsa amakhalapo maola ambiri osamva ngakhale pamene tikumuitana.

Dokotala wa ana anatilangiza kuti onse awiri akaunikidwe ngati ali ndi autism (kusiyana kwa kachezedwe ndi anthu ndi kamvedwe ka zinthu) kapena ADHD (kuvutika kusunga chidwi ndi kukhazikika), ndipo kumene tatumizidwako atiuza kuti kuunika kwawo ndi kwa mtundu umene pa Chingerezi amautcha neuroaffirming. Anandifotokozera mwachidule pa foni kuti mawuwa amatanthauza kulemekeza mmene ubongo wa munthu unapangidwira, koma sindinamvetse kuti kusiyana kwake ndi kuunika kwa nthawi zonse kuli pati. Kodi ndi mawu ongotonthozera makolo, kapena pali chimene chimasinthadi m'chipinda chounikiramo?

Ndili ndi nkhawa zinanso zitatu. Mnyamatayu akakhala pamalo achilendo ndi munthu mmodzi amene akumumvetsera amadekha modabwitsa, ndipo ndikuopa kuti wounikayo adzaona mwana wina wosiyana ndi amene timakhala naye. Mtsikanayu anazolowera kubisa zimene akumva moti ndikukayika ngati angadzaulule kwa munthu amene sakumudziwa. Chachitatu chikukhudza ine mwini. Ndili ndi zaka 43, ndipo pamene ndinkadzaza mafomu a anawa ndinapeza kuti mafunso ambiri akunena za moyo wanga kuyambira ndili mwana. Ndikufuna nanenso ndiunikidwe, koma mayi anga anamwalira ndipo bambo anga sakumbukira zambiri za ubwana wanga. Kodi munthu wa msinkhu wanga angaunikidwe popanda kholo lomuchitira umboni?

A Mbewe ayankha:

Mayi a Chisomo, ine ndine katswiri wa za maganizo ndipo kuunika kotereku ndi gawo la ntchito yanga, choncho ndiyamba ndi funso lanu loyamba, pakuti ndi limene limasokoneza anthu ambiri. Miyezo imene timagwiritsa ntchito ponena kuti munthu ali ndi autism kapena ADHD ndi imodzimodzi, kaya wounikayo amadzitcha wa njira yolemekezayi kapena ayi. Imachokera m'mabuku awiri, lina ndi DSM-5 limene bungwe la madokotala a matenda a maganizo ku America linatulutsa mu 2013 ndi kulikonzanso mu 2022, lina ndi ICD-11 la bungwe la za umoyo padziko lonse la WHO, limene linayamba kugwira ntchito mu Januwale 2022. Monga mwa DSM-5, kuti tinene kuti mwana ali ndi ADHD payenera kupezeka zizindikiro zosachepera 6 mwa 9 za kulephera kusunga chidwi pa chinthu, kapena 6 mwa 9 za kusakhazikika ndi kuchita zinthu asanaganize, kapena magulu onse awiri, pamene kwa munthu wa zaka 17 kupita m'tsogolo zizindikiro 5 zimakwanira. Zizindikirozo zikhale kuti zakhalapo miyezi 6 kapena kuposerapo, zingapo mwa izo zinayamba munthuyo asanakwanitse zaka 12, zimaoneka m'malo osachepera awiri monga kunyumba ndi kusukulu, ndipo zikumuvutitsadi pa moyo wake wa tsiku ndi tsiku. Pa autism timayang'ana mbali ziwiri. Yoyamba ndi kusiyana kwa kachezedwe ndi kamvanidwe ndi anthu ena. Yachiwiri ili ndi zinthu zinayi, ndipo payenera kupezeka ziwiri mwa izo: kubwerezabwereza mawu kapena kagwedezedwe ka thupi, kufuna kuti zinthu zizichitika monga mwa masiku onse, chidwi chozama kwambiri pa nkhani zina, ndiponso kumva phokoso, kuwala, fungo kapena kukhudzidwa mopitirira kapena mochepera poyerekeza ndi anthu ambiri. Chaka cha 2013 chisanafike, DSM silinkalola kuti munthu mmodzi apezeke ndi autism ndi ADHD pamodzi, koma tsopano zimadziwika kuti ziwirizi zimayendera limodzi kawirikawiri, n'chifukwa chake dokotala wanu anachita bwino kutchula zonse ziwiri.

Chimene chimasintha ndi mmene wounikayo amamuonera munthu amene wakhala patsogolo pake. Ganizo limene limatchedwa neurodiversity linakula pakati pa anthu a autism eni ake m'zaka za m'ma 1990, ndipo Judy Singer wa ku Australia ndi mmodzi mwa amene analilemba ndi kulifalitsa chakumapeto kwa zakazo. Ganizoli limati ubongo wa anthu umasiyana mwachibadwa, ndipo kusiyanako si kulakwa koyenera kukonzedwa, ngakhale kuti kumabweretsa mavuto enieni ofunika thandizo. M'chipinda chounikiramo zimenezi zimaoneka m'kafunsidwe. Wounika wina akaona kuti mwana sakumuyang'ana m'maso amangolemba kuti mwanayo ali ndi chilema pa kuyang'ana anthu. Wounika wa njira yolemekeza amafuna kudziwa chifukwa chake, ndipo nthawi zambiri amamva yankho lakuti, "Ndikayang'ana nkhope yanu sindimva mawu anu." Amakumbukiranso kuti m'madera ambiri padziko ana amaphunzitsidwa kuti kuyang'ana wamkulu m'maso ndi mwano, kotero chizindikiro chimenechi pachokha sichikwanira kunena kanthu. Mu 2012 Damian Milton, wofufuza wa ku Britain amene nayenso ali ndi autism, analemba kuti kusamvana pakati pa munthu wa autism ndi munthu wopanda autism kumachokera mbali zonse ziwiri, pakuti aliyense amavutika kuwerenga mnzake. Ine mfundo imeneyi inasintha kagwiridwe kanga ka ntchito, chifukwa kukambirana kukafika povuta ndimayamba ndadzifunsa ngati vuto lili m'funso langa ndisanalembe kuti lili mwa mwanayo.

Za ndondomeko yake, yembekezerani kuti sikudzatha tsiku limodzi. Poyamba pamakhala mafomu a makolo ndi aphunzitsi, monga a Conners kapena a Vanderbilt pa ADHD. Kenako pamabwera kucheza kwa nthawi yaitali ndi makolo za mbiri ya mwana kuyambira ali khanda, mmene anayambira kulankhula, kuloza zinthu, kusewera ndi anzake ndi kugona. Ena amagwiritsa ntchito mndandanda wa mafunso 93 wotchedwa ADI-R, umene umatha kutenga maola awiri ndi theka. Pambuyo pake wounika amakhala ndi mwanayo. Chida chodziwika kwambiri pa gawoli ndi ADOS-2, chimene chimatenga mphindi 40 mpaka 60 ndipo chili ndi zigawo zisanu, kuyambira cha ana aang'ono amene ayamba kumene kuyenda mpaka cha akuluakulu olankhula bwinobwino. Kwa mnyamata wanu gawoli lidzaoneka ngati kusewera ndi kufotokoza zithunzi, pamene kwa Chisomo lidzakhala makamaka kukambirana. Ounika ena amakonda MIGDAS-2 ya Marilyn Monteiro, imene imayambira pa zimene munthuyo amakonda ndi pa zinthu zogwiragwira m'manja, chifukwa munthu amamasuka msanga akafunsidwa za chimene amachidziwa bwino. Palibe kuyeza magazi kapena kujambula ubongo kumene kumasonyeza autism kapena ADHD. Komabe wounika wabwino amafunsa za makutu, maso, tulo, khunyu, chithokomiro, nkhawa ndi zoopsa zimene mwana anakumana nazo, pakuti zimenezi zimatha kufanana ndi zimene tikufunazo kapena kukhalira nazo limodzi.

Muli ndi ufulu wopempha pasadakhale kuti akutumizireni ndondomeko ya tsikulo, chithunzi cha chipinda ndi cha munthu amene adzaunike, kuti achepetse kuwala, kuti pakhale nthawi zopumira, ndiponso kuti mwana aloledwe kuyendayenda, kugwedezeka kapena kuyankha polemba. Malo amene akana zopempha zazing'ono ngati zimenezi ndiye kuti dzina limene akudzitchalo sakuligwiritsa ntchito.

Pa nkhawa yanu ya mnyamatayu, dziwani kuti zimene mwaonazo ndi zodziwika bwino, ndipo DSM-5 lenilenilo limanena kuti zizindikiro za ADHD zimatha kuchepa kapena kusaoneka pamalo achilendo, pamene mwana ali ndi munthu mmodzi yekha, kapena pamene akuchita chimene chikumusangalatsa. N'chifukwa chake chigamulo sichidalira ola limodzi la m'chipinda, koma chimatsamira kwambiri pa zimene inu ndi aphunzitsi mwaona kwa zaka. Chimene ndikukupemphani ndi chakuti musamulangize kuti akadzisunge tsiku limenelo. Makolo ambiri amachita zimenezi mwachikondi, pofuna kuti mwana asawachititse manyazi, koma potero amaphimba chimene tabwera kudzaona.

Pomaliza pamakhala tsiku lokambirana zotsatira ndi lipoti lolembedwa. Yankho likhoza kukhala lakuti chilipo, kapena kuti palibe, kapena kuti pakufunika kudikira ndi kuunikanso, ndipo kuunika kolemekeza sikutanthauza kuti aliyense wolowa pakhomo amatuluka ndi dzina limene ankaliyembekezera. Ngakhale yankho litakhala lakuti palibe, muyenera kuchokako mutauzidwa chimene chikufotokoza mavuto a mwanayo ndi chimene mungachite.

Nachisale ayankha:

Amayi, ine ndinaunikidwa ndili ndi zaka 39 ndipo ndinapezeka ndi autism ndi ADHD, choncho ndiyankha funso lanu lachitatu ndi lachiwiri pamodzi, chifukwa kwa ine ndi nkhani imodzi. Makolo anga onse anali atamwalira. Wounika anandipempha kuti ndibweretse chilichonse chimene chikanaunikira ubwana wanga, ndipo ndinapeza malipoti atatu akale a kusukulu mmene aphunzitsi analembamo kuti ndine wanzeru koma maganizo anga amakhala kutali. Achemwali anga aakulu anavomera kucheza naye pa foni, ndipo anakumbukira zinthu zimene ine ndinali nditaiwala, monga kuti ndinkabisala pansi pa tebulo kukabwera alendo ndipo ndinkasanja zinthu zanga motsatira mtundu wake mpaka kulira munthu akazisuntha. Zotsalazo zinachokera m'kukumbukira kwanga. Pa ADHD anagwiritsa ntchito mafunso otchedwa DIVA-5, amene amatenga zizindikiro 18 chimodzi ndi chimodzi ndi kufunsa mmene chinalili paubwana ndi mmene chilili tsopano. Kotero kusowa kholo sikutseka njira, ndipo mchimwene kapena mchemwali wamkulu, azakhali, amalume kapena mnzanu wa paubwana akhoza kuthandiza.

Chimene sindinachiyembekezere ndi kuvuta kwa kuyankha zoona. Ndinakhala zaka zoposa 30 ndikuphunzira kuoneka ngati anthu ena, ndipo chizolowezi chimenecho sichichoka chifukwa chakuti walowa m'chipinda cha katswiri. Atandifunsa ngati ndimatha kucheza ndi anthu ndinayankha kuti inde, ndipo sindinaname. Koma iye anafunsanso kuti, "Munaphunzira bwanji, ndipo mukamaliza kuchezako mumamva bwanji?" Pamenepo ndi pamene ndinafotokoza kwa nthawi yoyamba pa moyo wanga kuti ndimakonzekera mawu ndisanaimbe foni, kuti ndimawerenga masekondi ndikamayang'ana munthu m'maso kuti ndidziwe nthawi yoyang'ana kumbali, ndiponso kuti ndikachoka pa msonkhano ndimagona tsiku lotsatira lonse ngati wodwala. Funso loyamba lija likanakhala lokha ndikanabwerera kwathu wopanda yankho, monga ndinabwererera kangapo m'mbuyomo pamene ndinkapatsidwa chithandizo cha nkhawa ndi kukhumudwa basi. Kwa ine kusiyana kwa njira yolemekezayi kunali m'funso lachiwirilo. Pali ngakhale fomu ya mafunso 25 yotchedwa CAT-Q imene Laura Hull ndi anzake anakonza kuti iyeze kudzibisa kumeneku, ndipo ndinaidzaza.

Chisomo wanu ndikumumvetsa kwambiri. Kwa zaka zambiri ankati pa anyamata anayi a autism pamapezeka mtsikana mmodzi, koma kafukufuku wa Rachel Loomes ndi anzake wa mu 2017 anasonyeza kuti akafufuza bwino chiwerengerocho chimayandikira anyamata atatu pa mtsikana mmodzi, kutanthauza kuti atsikana ambiri amaphonyedwa. Mwana wofatsa m'kalasi savutitsa aliyense, choncho palibe amene amafunsa mtengo umene akulipira kuti aoneke wofatsa. Muuzeni kuti ali ndi ufulu wolemba pasadakhale zimene akufuna kunena ndi kupereka pepalalo ngati mawu atamuthawa. Ambiri a ife timavutika kutchula dzina la zimene tikumva mumtima pamene tafunsidwa mwadzidzidzi, ndipo yankho lenileni limabwera patapita masiku awiri, choncho funsani ngati angaloledwe kutumiza zowonjezera pambuyo pake. Musakonze chilichonse madzulo a tsikulo, chifukwa adzatopa kwambiri.

Ndinenenso za masiku otsatira. Nditalandira lipoti ndinapepukidwa mumtima, koma patapita sabata ndinagwidwa ndi chisoni chachikulu poganizira mwana uja amene ankadzudzulidwa kuti ndi waulesi pamene ankayesetsa kuposa anzake onse. Wounika anali atandichenjeza kuti zonse ziwiri zimabwera, ndipo chenjezo lakelo linandithandiza kuti ndisaganize kuti ndinalakwitsa kupita.

Bambo a Yamikani ayankha:

Mayi a Chisomo, ndikuvomereza zambiri zimene a Mbewe ndi a Nachisale anena, koma ndikufuna kuika chenjezo limene ndinaliphunzira movutika. Mwana wanga ali ndi zaka 11, salankhula ndi pakamwa, ndipo amatiuza zofuna zake poloza zithunzi. Tinayamba kuzindikira ali ndi zaka ziwiri, pamene tinadzaza fomu ya M-CHAT imene imagwiritsidwa ntchito pa ana a miyezi 16 mpaka 30. Fomu imeneyo siigamula kanthu, imangosonyeza kuti mwana akufunika kuunikidwa mozama, ndipo iye anapezeka ndi autism ali ndi zaka zitatu.

Waunikidwa kawiri, ndipo ulendo uliwonse unalakwika mwa njira yake. Woyamba, wounika anawerenga mndandanda wa zonse zimene mwana wanga sangathe mwanayo ali pomwepo, ngati kuti akunena za mpando. Yamikani anaphimba makutu ndipo usiku umenewo sanagone. Kusalankhula si kusamva, ndipo mpaka lero ndimadandaula kuti sindinamuimitse munthu uja. Wachiwiri unali wa njira yolemekezayi ndipo m'chipindamo munali ulemu weniweni. Wounika anakhala pansi pamodzi ndi mwanayo, anamupatsa moni iye poyamba asanatipatse ife, anadikira yankho lake nthawi yaitali osamufulumiza, ndipo sanamuletse kukupiza manja, podziwa kuti ndi mmene amadzikhazikira mtima. Koma lipoti lake linatuluka lofewa mopitirira. Linadzaza ndi mawu onena za luso lake pa kukumbukira njira ndi pa kusiyanitsa mitundu, pamene zoti amathamangira kumsewu osaona ngozi, amadziluma akapanikizika, ndipo sangasambe yekha zinatchulidwa m'mawu ozungulira moti wowerenga sakanadziwa kukula kwake. Kusukulu atawerenga ananena kuti sakuona chifukwa chomupatsira womuthandiza payekha. Tinabwerera kukapempha kuti lipotilo lilembedwenso, ndipo miyezi inayi inatayika.

Choncho pamene mukulandira lipoti, liwerengeni ngati ndinu mphunzitsi wamkulu kapena bwana wa kuntchito amene sanamuonepo munthuyo, ndipo mudzifunse ngati mungadziwe thandizo loti mupereke mawa m'mawa. DSM-5 lili ndi milingo itatu ya thandizo pa autism, kuyambira wofunika thandizo mpaka wofunika thandizo lalikulu kwambiri, ndipo ngakhale milingoyi siifotokoza zonse, lipoti liyenera kunena poyera pamene munthuyo ali, pa tsiku labwino ndi pa tsiku loipa lomwe. Kulemekeza mwana wanga kumaphatikizapo kunena zoona za zimene zimamuvuta, pakuti thandizo limaperekedwa potsatira zimene zalembedwa. Ndikupemphanso kuti mufunse wounikayo za maphunziro ake, za bungwe limene linamupatsa chilolezo, ndi ngati lipoti lake limavomerezedwa kumene mukufuna kukaligwiritsa ntchito, chifukwa mawu akuti neuroaffirming si satifiketi, ndipo aliyense akhoza kuwalemba pakhomo pake.

Mayi a Chisomo alembanso:

Ndikuthokoza nonse atatu kuchokera pansi pa mtima, ndipo Bambo a Yamikani, pepani chifukwa cha zimene mwana wanu anamva tsiku lija. Ndawerengera Chisomo yankho la a Nachisale ndipo anakhala chete nthawi yaitali, kenako anandipempha kope loti ayambe kulembamo. Ndatsala ndi mafunso awiri kwa a Mbewe. Kodi mnyamata wa zaka 7 ndimuuze kuti tikupita kukatani, popeza sindikufuna kumunamiza komanso sindikufuna aganize kuti ndi wolakwika? Ndipo akapezeka ndi ADHD, kodi tidzakakamizidwa kumuyambitsa mankhwala, kapena njira yolemekezayi imakana mankhwala?

A Mbewe ayankhanso:

Ndisanayankhe, ndikufuna kuvomereza zimene Bambo a Yamikani anena, chifukwa cholakwa chimenecho chimachitikadi pakati pa ife ounika. Lipoti likhoza kulembedwa mwaulemu ndi kunenabe mosabisa kuti mwana amafunika munthu womuyang'anira nthawi zonse akakhala pafupi ndi msewu. Ine ndimapereka lipoti loyamba kwa banja kuti liwerenge ndisanalitsirize, ndipo inunso mukhoza kupempha zimenezi.

Mnyamatayu muuzeni zoona m'mawu a msinkhu wake. Mukhoza kunena kuti mukupita kwa munthu amene ntchito yake ndi kuphunzira mmene mitu ya ana imagwirira ntchito, kuti adzasewera ndi kucheza naye, kuti sadzabayidwa jakisoni, ndipo kuti palibe kukhoza kapena kulephera. Mutchule zinthu zimene iye mwini amadandaula nazo, monga kutaya zolembera kapena kudzudzulidwa chifukwa choimirira, ndi kumuuza kuti mukufuna njira yoti zimenezi zimupepukire. Ana a msinkhu umenewu amakhala atazindikira kale kuti amadzudzulidwa kuposa anzawo, ndipo akapanda kuuzidwa chifukwa amadzipezera chawo, chimene nthawi zambiri chimakhala chakuti iwo ndi oipa. Kwa Chisomo, chilolezo chake n'chofunika monga chanu, ndipo asankhe yekha ngati akufuna kuti mukhale naye m'chipinda nthawi yonse kapena gawo lina lokha.

Pa za mankhwala, palibe amene ayenera kukukakamizani, ndipo njira yolemekezayi siikana mankhwala. Autism ilibe mankhwala oichotsa, ngakhale kuti zinthu zoyenda nayo monga khunyu, nkhawa ndi kusowa tulo zili ndi chithandizo chake. Pa ADHD alipo mankhwala monga methylphenidate ndi atomoxetine amene amathandiza anthu ambiri kusunga chidwi, ndipo amalembedwa ndi dokotala atafunsa za matenda a mtima m'banja ndi kuyeza kuthamanga kwa magazi, kugunda kwa mtima, msinkhu ndi kulemera kwa mwana, pakuti amatha kuchepetsa chilakolako cha chakudya ndi kusokoneza tulo. Funso loyenera kufunsa ndi lakuti mankhwalawo akuthandiza mwanayo pa zimene iye akufuna kuchita, kapena akungopeputsira ntchito akuluakulu omuzungulira. Kusintha kwa m'kalasi, monga kumukhazika kutsogolo, kumupatsa malangizo amodzi pa nthawi imodzi ndi kumulola kuimirira pakati pa ntchito, kumafunika kaya akumwa mankhwala kapena ayi.

Za inu eni, musadabwe kuti mwadziona m'mafomu a ana anu. Kafukufuku wa mapasa ndi mabanja amasonyeza kuti autism ndi ADHD zimayenda kwambiri m'magazi, moti pafupifupi 70 mpaka 80 pa 100 ya kusiyana kwa anthu pa zimenezi imachokera ku chibadwa, ndipo makolo ambiri amafika kwa ife kudzera pa khomo la ana awo. Palibe msinkhu umene munthu amachedwa, ndipo ngakhale anthu a zaka 60 ndi 70 amaunikidwa, kungoti kwa iwo timasamala kusiyanitsa zimene akhala nazo moyo wonse ndi kuiwala kumene kwayamba chifukwa cha ukalamba kapena matenda ena. Langizo langa ndi lakuti musaike masiku a anthu atatu m'sabata imodzi, chifukwa kufotokoza mbiri ya mwana kwa maola awiri kumatopetsa, ndipo kufotokoza yanu kudzakutopetsani koposa. Yambani ndi Chisomo, popeza iye ndi amene akuoneka kuti walema kwambiri pakali pano, ndipo m'masabata awiri tsiku lounikira lisanafike muzilemba madzulo alionse mizere itatu kapena inayi ya zimene zachitika, nthawi yake, ndi chimene chinachitika zisanayambe. Mukapezanso kanema waufupi wa mnyamatayu akuchita ntchito ya kusukulu kunyumba, mutengeni pa foni tsiku lake likafika.